Dzanja la Akamwini

Mahé, Seychelles
9 Malichi 2024

Okondeka amake Immaculate,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi onse a pakhomo. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani pokwera chitunda cha ku chigayo. Kunena za ine, ndili bwino mwa chisomo cha Mulungu.

Ndinafika Lachitatu. Akamwini athu, a Ashiraf, anandichingamira ku bwalo la ndege. Anandilandira chikwama atawerama, n'kumayenda patsogolo, ine pambuyo, mpaka pa basi. Chaka chimodzi cha kunja sichinawawononge. Makalata anga ndizilemba pamanja monga ndinaphunzitsidwira. Iwo aziwajambula ndi foni n'kutumiza kwa Immaculate ku boma, iye azibwera nawo kumudziko Loweruka. Podziwa kuti pepala lino lidutsa m'manja mwawo, ndilembapo chimene pakamwa panga sipanganene: munthu amene ndinamukaniza mwana wanga chifukwa cha chipembedzo ndi yemweyo amene wandipezera ntchito mu ukalamba wanga. Sindiwonjezerapo.

Malo athu odyera ali m'mbali mwa nyanja, matebulo khumi ndi awiri, pansi pali mchenga. Mwini wake ndi a Kinsley, amenenso ndi wophika wamkulu. Akazi awo, a Tiffany, amakhala pa kauntala. Akamwini amathandiza kuphika, ine ndimaperekera zakudya, ntchito yomwe ija ndinagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi ku hotela ku Blantyre. Jekete yoyera ija ikundikwanabe.

Chakudya cha kuno ndi mpunga, masana ndi madzulo. Pafupifupi ndiwo iliyonse amaiphika mu mkaka wa kokonati, ndi tsabola woti kambuzi wathu ndi mwana. Kuli chipatso chokula ngati dzungu koma chobala mumtengo. Akachiwotcha chimakoma ngati chinangwa chopanda mtsitsi. Kuli nsomba yofiira yoti imodzi ikwanira banja lonse, ndipo mlendo amailipira ndalama yoti kwathuko mungagulire mbuzi. Komanso amadya mileme. Musaseke. Ndi mileme ikuluikulu yodya zipatso, nkhope ngati kagalu, ndipo anthu amachoka kutali kudzaifuna.

Pali nkhani imodzi yoti muidziwe. A Kinsley salemba ntchito anthu apachibale. Amati abale amagwirizana pa kuba. Choncho akamwini anangowauza kuti ndine mkulu wina wa kwawo wodziwa ntchito. Bodza palibe, ngakhale si zonse. Koma mwambo sitinausiye. Antchito amadya pa tebulo limodzi kuseri, nthawi ya 3 koloko. Akamwini amadikira kuti nditenge mbale yanga ndikakhale pansi pa mtengo, ndiye iwo n'kukhala pa tebulo. Khitchini ndi yopapatiza ngati mpata wa pakati pa nkhokwe ziwiri, kotero ndikalowa kudzatenga mbale za alendo, iwo amatulukira khomo la kuseri kuti tisakhudzane, ndikatuluka n'kubwerera. Achinyamata ambiri anazitaya zimenezi. Awa ayi.

A Kinsley aziona. Dzulo anandifunsa akuseka kuti, “Papa, iwe ndi Msilamu uyu munalimbirana chiyani kwanuko? Mkazi kapena mbuzi?” Ndinangomwetulira. Wantchito safotokozera bwana za kunyumba kwake.

Mavenda akabwera kudzagula manachesi akadali aawisi mumtengo, muwakanire. Mudikire apse, mukagulitse nokha ku malire.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe


Mahé
20 Epulo 2024

Okondeka amake Immaculate,

Moni kwa inu ndi kwa mdzukulu wathu Latifah. Ndakondwa kumva kuti mbuzi yoyera yaswa ana awiri. Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno n'kwa chinyezi, malaya sauma pathupi.

Munafunsa za alendo athu. Ali mitundu iwiri. Pakati pa sabata kumabwera azungu ochokera ku mahotela, opanda nsapato, ena atangotuluka m'madzi. Mzimayi wina anakhala pa tebulo lachitatu atavala kansalu kosakwana kupukutira kapu. Ndinamuperekera chakudya maso ali kudenga. Lamlungu kumabwera eni dziko akatuluka ku tchalitchi, banja lonse mpaka agogo, atavala bwino. Amenewa amadziwa kudya. Amanunkhiza ndiwo asanalawe, ndipo mchere ukachepa amaitanitsa wophika.

Ndaona chilombo china cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chopanda fupa, chimene kuno amati zourit. Nyama yake ndi yolimba ngati tayala, ndiye asanachiphike amachimenya pa mwala. Ntchito imeneyi a Kinsley sapatsa munthu wina. Amachigwira kumutu, n'kuchimenyetsa pa mwala wa kuseri kamakumi anayi kapena kuposerapo, uku akuimba. Akatero amachidula n'kuchiphika ndi kokonati ndi masamba onunkhira. Ndinalawa, n'chokoma ndithu. Koma ndaona kuti dzanja limene lazolowera mwala silidziwa nthawi yowerukira.

Immaculate akaona chithunzi cha amuna ake mlomo utatupa, asade nkhawa. Akuti anagundidwa ndi chitseko cha firiji. Firiji ya kuno ili ndi chitseko cholemera. Sabata yatha chinawagundanso pa khutu.

Mukukumbukira zimene ndinkakuuzani za mkulu amene anandiphunzitsa ntchito mu 1984. Ankati pakati pa khitchini ndi alendo pali chitseko, ndipo za mbali ino zisawolokere mbali inayo. Mlendo asamve phokoso la kukhitchini. Akalimva, woperekera amwetulire n'kumufunsa ngati akufuna madzi. Lamulo limeneli ndalisunga moyo wanga wonse, ndipo linatilerera ana.

Mwezi uno ndathira madzi ambiri.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa Immaculate. Mugule malata anayi a khola, zotsalazo mugulire Latifah nsapato za kusukulu, zakuda, zomanga ndi zingwe. Mupereke moni kwa a Zakeyu, mlembi wa mpingo, muwauze kuti kuno ndapeza kopemphera, ngakhale nyimbo zake amaziimba mothamanga.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe


Mahé
15 Juni 2024

Okondeka amake Immaculate,

Ndikhulupirira muli bwino. Thupi langa lili bwino. Kalata ino ikubwera pamanja ndi a Esime, namwino wa kwathu komweko ku Mwanza amene amagwira ntchito pa chipatala cha kuno ndipo akubwera ku tchuthi. Muiwerenge nokha. Immaculate asaione.

Firiji ija siinagunde munthu. Akamwini amamenyedwa. A Kinsley amamenya ndi chilichonse chimene chili pafupi: chipande, chivindikiro, kapena ubande, mbali yosathwa ya chikwanje chimene amaswera kokonati. Mpunga ukafewa kwambiri, amenya. Mlendo akabweza mbale, amenya. Tsiku lina anagenda ndi mwala wosinjira tsabola. Ukanapanda kuphonya, bwenzi ndikulemba kalata ya maliro. Unaswa thabwa la pakhoma. A Tiffany nawonso masiku ena amabwera pa kauntala atavala magalasi akuda kunja kuli mitambo. Mapasipoti athu ali m'dirowa ya a Kinsley, akuti kuti asatayike.

Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri ndi chakuti ine amandikonda. Alendo amayamikira kaperekedwe kanga, ndiye amanditcha Papa, n'kumandisungira mutu wa nsomba yofiira. Lachinayi anandikokera pambali n'kunena kuti, “Papa, iwe ndiwe maso anga. Galu uyu akaba kanthu kapena akandinena, undiuze. Ndikudziwa kuti sumufuna, ngakhale kupuma naye mpweya umodzi sufuna.” Mutu wa nsombawo ndinaudya, amake Immaculate. Ndinali ndi njala.

Dzulo masana ndinawapeza akamwini kuseri akusenda mileme. Osaka amaibweretsa m'thumba, ina ikadali yamoyo, ndipo a Kinsley amaimaliza poimenyetsa pa mwala uja. Imalira ngati khanda. Akamwini anali atakhala pa ndowa, msana uli kwa ine, malaya atamatirira pa mikwingwirima iwiri ya magazi. Ndinaima patali monga kuyenera, n'kuyankhula nditayang'ana mtengo.

Ndinati, “Kodi munthu amapirira mpaka liti?”

Iwo anayankha atayang'ana m'beseni. “Mpaka Novembala, bambo. Kontilakiti ikatha, nyumba ya ku boma ikhala itafoleredwa.”

“Kuli ofesi ya zantchito m'tauni.”

“Ilipo, bambo. Koma akadziwa kuti ndinu apongozi anga, atichotsa tonse awiri tsiku lomwelo. Inu musalowererepo. Zimene mukuchitazi n'zabwino. Muziona ngati simukuona.”

Ndinafuna kuwauza kuti ntchito yoona ngati sukuona ndinaiphunzira iwo asanabadwe. Sindinanene. Anatenga mleme wina n'kupitiriza kusenda.

Mupemphere. Mukawaona makolo awo pa shopu ku boma, muwapatse moni mwa masiku onse, musaonetse kanthu pankhope. A Esime muwapatse manachesi odzadza thumba ndi nkhuku imodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe


Mahé
5 Ogasiti 2024

Okondeka amake Immaculate,

Moni. Ine ndili bwino. Kalata ino ajambula ndi a Esime, amene anabwerako bwino.

Akamwini ali m'chipatala. Avulala dzanja lamanja pa ntchito dzulo masana. Moyo wawo suli pa chiopsezo. Madokotala atero, ndipo a Esime akuwayang'anira. Foni yawo ili ndi ine koma sindidziwa kuitsegula, choncho Immaculate asadabwe akapanda kumuyankha.

Immaculate mwana wanga, popeza ndiwe uyambe kuwerenga: limba mtima, usamuuze kanthu Latifah, ndipo upite kwa apongozi ako ukawauze wekha, asamvere kwa anthu. Zambiri ndilemba ndikadziwa.

Ndine,
Anderson M. Kachingwe


Mahé
18 Ogasiti 2024

Okondeka amake Immaculate,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndikudya ndipo ndikugwira ntchito. Kalata ino ndi zotsatira zake zizidzera pa foni ya a Zakeyu, amene ndi munthu wosunga pakamwa. Ndilemba zonse mwa dongosolo lake, chifukwa ndikasiya kanthu ndikhala ndikudzikonzera mlandu.

Lamlungu lija tinali ndi phwando la ubatizo, anthu makumi atatu, ndipo anaitanitsiratu mileme. Mphika waukulu unali pamoto, akamwini akutakasa. Mkaka wa kokonati sufuna kusiyidwa. Ukausiya umalekana, madzi paokha mafuta paokha, pansi n'kupserera. Pambali pake panali chiwaya cha mafuta owira okazingira chipatso chonga dzungu chija. A Kinsley anali atapita kosungira zakumwa.

Ndinalowa kudzatenga nsomba ya tebulo lachisanu ndi chiwiri. Akamwini atandiona anaika chipande pansi n'kutulukira khomo la kuseri, monga mwa masiku onse. Masiku onse ndimatenga mbale n'kutuluka nthawi yomweyo. Tsiku limeneli mandimu anali osadula, ndipo mbale inali ndi dontho m'mphepete. Ndinadula mandimu. Ndinapukuta mbale. Ndinaona kuti foloko imodzi ili ndi banga, ndinakasintha. Iwo anali chiimire panja, kudikira apongozi awo atuluke. Fungo la kupserera ndinalimva. Chipande chinali pafupi ndi dzanja langa. Koma woperekera sagwira chipande cha wophika. Nalonso ndi lamulo.

A Kinsley atalowa ananunkhiza kamodzi. Anayang'ana mumphika, n'kuitana. Akamwini atalowa, a Kinsley anawamenya ndi chipande pa diso, n'kuwamenyanso, chipande n'kuthyoka. Kenaka anawagwira pa mkono wamanja ndi manja awiri. Anati, “Dzanja ili lakana kuphika. Ndiye tiliphike.” Analiviika m'chiwaya mpaka pa mfundo, n'kulikanikiza.

Ndinawerenga mpaka zisanu. Sindidziwa chifukwa chake ndinawerenga. Linalira monga imalirira nsomba m'mafuta. Akamwini poyamba sanatulutse mawu, anangotsegula pakamwa; kenaka anaitana mayi awo, ndipo kunja alendo onse anakhala chete.

Ine ndinanyamula thireyi, ndinakankha chitseko ndi phewa, ndinapita pa tebulo lachisanu ndi chiwiri. Ndinaika nsomba kuchokera kumanzere. Ndinafunsa ngati akufuna madzi.

Amene anawakulunga dzanja ndi nsalu yonyowa n'kuwatengera ku chipatala pa galimoto ndi a Tiffany. Madokotala adula zala ziwiri, chaching'ono ndi chotsatana nacho. Zitatu zotsalazo sakudziwa ngati zidzapinda. Ku chipatala ndimapita tsiku lililonse ndisanayambe ntchito, koma ndimathera pakhonde, chifukwa agona osavala malaya. Chakudya ndimapatsira a Esime.

Tsopano nayi nkhani imene yandilembetsa. A chipatala anadziwitsa boma, ndipo a ofesi ya zantchito adzabwera ndi wapolisi pa 27 mwezi uno. M'khitchini tinalimo atatu, kotero mboni ndine ndekha. A Kinsley awauza kale kuti akamwini anawathamangira ndi mpeni, iwo n'kuwakankha podziteteza, munthu n'kugwera yekha m'mafuta. Zikakhazikika choncho, akamwini achoka pa bedi kupita ku ndende. Dzana anandikhazika pa tebulo la alendo, koyamba, n'kundithirira okha tiyi.

“Papa, mpeni unauona?”

“Bwana, ndinali kudula mandimu.”

“Ndiye mpeni unalipo. Ungonena kuti unali m'dzanja lake. Ndikuwonjezera zaka ziwiri, malipiro ndikweza. Ukutaya chiyani? Munthu woti ukalowa iye amathawa.”

Ndinati ndiganiza. Anandisisita paphewa.

Sindikukufunsani maganizo, chifukwa yankho lanu ndikulidziwa. Ndangofuna kuti pakhale munthu mmodzi pa dziko lapansi wodziwa kuti mandimu aja ndinawadula bwino, magawo anayi ofanana.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe


Ku chipatala, Mahé
8 Seputembala 2024

Okondeka amake Immaculate,

Landirani moni. Mukhululuke kalembedwe, ndikulembera pa bondo, ndipo ndikapuma mozama cholembera chimagwedera. Musachite mantha. Ndili moyo, ndipo ndikuchira.

Anabwera pa 27 monga ananenera, nthawi ya 11 koloko alendo asanafike: mayi wina wa ku ofesi ya zantchito, mnzake wamwamuna wolemba, ndi wapolisi. A Kinsley anawakhazika pa tebulo loyang'ana kunyanja, n'kuwapatsa madzi a zipatso. Atafotokoza mbali yawo anandiitana. Anati, “Nayi mboni yoti simungaikayikire. Ndi wa kwawo, koma sangamuikire kumbuyo. Miyezi isanu sanadyepo naye pa tebulo limodzi. Sayang'anana n'komwe. Funsani aliyense.”

Mayi uja anandiuza kuti ndikhale. Ndinapempha kuti ndiime. Anafunsa kuti, “Bambo, tisanayambe, n'chifukwa chiyani mumadana ndi munthu ameneyu?”

Ndinati, “Mayi, kwathu ku Mwanza munthu amene umadana naye ukhoza kudya naye m'mbale imodzi, anthu osadziwa kanthu. Amene sudya naye ndi amene anakwatira mwana wako.”

Wolemba uja anaimitsa cholembera. A Kinsley anaseka, kuyesa nthabwala. Ndinatchula dzina la Immaculate, tsiku la ukwati, ndi dzina la Latifah. Kenaka ndinanena zonse monga ndinakulemberani, kuyambira pa chitseko cha firiji mpaka pa chiwaya. Za mapasipoti ndinanena. Za mpeni ndinati m'khitchini munali mpeni umodzi wogwira ntchito nthawi imeneyo, ndipo unali m'dzanja langa. Mayi uja anafunsa chimene ndinachita dzanja lili m'mafuta. Ndinamuuza. Anangondiyang'ana, ndikanakonda akanandinyoza.

Anauza a Kinsley kuti akaonekere ku polisi m'mawa mwake, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuchoka nawo. Ndinati ayi, matebulo anayi anali atasungitsidwa kale ndipo woperekera wina palibe. Apa ndinalakwitsa.

Nthawi ya hafu pasiti thwelofu ndinali nditanyamula thireyi ya tebulo lachiwiri, pakati penipeni pa alendo. Chitseko cha khitchini chinatseguka kumbuyo kwanga. A Kinsley anatuluka ndi chikwanje. Sanabisenso. Choyamba anatema, ndinakweza thireyi, chikwanje chinalowa m'thireyi n'kutsetserekera pa mkono wamanzere. Mbale zisanu ndi imodzi zinasweka, zoyamba kusweka m'manja mwanga chiyambire ntchito. Chachiwiri anamenya ndi ubande pakamwa. Ndinagwa pa mchenga, mpunga ndi magazi zili kumaso, ndipo anayamba kundiponda m'nthiti, uku akunena kuti, “Ndinakudyetsa mutu wa nsomba, galu wokalamba. Ndinakutcha Papa.” Ana a alendo ankalira. Mzungu wina ndi msodzi amene anabweretsa nsomba anawagwira kumbuyo, atatuwo n'kugwera pa tebulo. A Tiffany anatola chikwanje n'kukachiponya m'nyanja, kenaka anaimba foni.

Andisoka malo khumi ndi anayi pa mkono. Nthiti zitatu zathyoka. Mano anayi a kutsogolo kulibe, kotero mukadzandimva ndikuyankhula mudzaseka.

Chipatala chinadzaza, ndipo bedi lopanda munthu linali limodzi lokha, loyandikana ndi la akamwini. Muno mulibe khomo la kuseri. Masiku awiri anagona atayang'ana kukhoma, ine nditayang'ana kudenga. Tsiku lachitatu ndinaona kuti phala lawo likubwerera losakhudzidwa a Esime akakhala kuti sali pa ntchito. Dzanja lamanja n'lomangidwa, ndipo lamanzere, mwa chipembedzo chawo, sanadyerepo chibadwire. Ndinatsika pa bedi, ndinatenga supuni.

Anati, “Bambo, sizingatheke.”

Ndinati, “Ndine woperekera zakudya. Tsegulani pakamwa.”

Anadya mbale yonse atatsinzina.

Musagulitse mbuzi chifukwa cha ine. Chipatala sichikutilipiritsa.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe


Mahé
29 Seputembala 2024

Okondeka amake Immaculate,

Moni kwa inu nonse. Ndinatuluka m'chipatala, ndipo ndikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndikudya phala ndi nthochi zophika mu kokonati, zimene sizifuna mano.

A Kinsley ali m'manja mwa boma. Malo odyera anatsekedwa. A Tiffany anabweretsa okha mapasipoti athu, ndipo nawonso akapereka umboni. Mlandu wa mpeni uja unathetsedwa. Akamwini alibe chowayankhitsa, ndipo za chipukuta misozi a ofesi akuyendetsa. Mlandu wa a Kinsley udzalowa m'khoti mu Novembala. Umboni wa akamwini anaujambula kale, koma ine akufuna ndidzaime ndekha, choncho nditsala. Iwo anyamuka Loweruka likudzali, afika pa Chileka Lamlungu masana, ndipo pa siteji ya ku boma ayenera kutsika dzuwa lisanalowe. Zala ziwiri mwa zitatu zija zayamba kupinda. Pa shopu ya bambo awo adzatha kugwira ntchito. Pa moto sadzabwereranso.

Tsopano mumve bwino, chifukwa ichi ndi chimene ndikukupemphani, ndipo sindinakupempheni zambiri pa zaka makumi anayi.

Ndamva akamwini akuyankhula ndi Immaculate pa foni. Amuuza kuti dzanja lapsa pang'ono, za zala sanatchule. Amuuzanso kuti bambo ake ndi amene anawapulumutsa, kuti ndinaima pamaso pa chikwanje chifukwa cha iwo. Akutero mwa ulemu, ndipo adzanena zomwezo kwa makolo awo, ku mzikiti ndi ku msika, mpaka boma lonse lidzandiyesa ngwazi. Sindingawaletse.

Koma mwana wanga asamve zimenezo zokha. Loweruka akabwera kumudzi, Latifah mumutumize kwa anansi. Immaculate mumukhazike pansi, mumuuze za zala, kuti asadzazionere koyamba pa siteji pakati pa anthu. Mukatero mutenge foni kwa a Zakeyu, mumuwerengere kalata ya pa 18 Ogasiti, yonse, osadumpha mzere ngakhale umodzi. Adziwe chimene chinawatulutsa amuna ake m'khitchini, ndi amene anawachedwetsa panja. Adziwe kuti bambo ake anali pomwepo, manja ali bwinobwino onse awiri, ndi kumene anapita nawo.

Akafuna kundilembera, a Esime adzandipatsa. Akapanda kufuna, musamukakamize.

Ndine mwamuna wanu,
Anderson M. Kachingwe